Usabweze Malo a ku Sukulu Yanjerwa

Jumeirah, Lachinayi masana

Mwana wanga Tiyamike,

Kalata ya sukulu imene wasankha ikunena momveka bwino, pa tsamba lachiwiri, kuti namwino aliyense amene walandiridwa kukaphunzira ntchito yogonetsa odwala pa opaleshoni ali ndi malo ake otsimikizika m'chipatala chachikulu cha mumzindamo. Ikunenanso kuti pakangotha miyezi isanu ndi umodzi ya m'kalasi, wophunzira aliyense amayamba kulowa m'fiyeta, kuima kumutu kwa wodwala ndi kuphunzira ndi manja ake, ndipo kuti palibe amene amadikira. Pansi pake pali siginecha ya mkulu wa sukulu ndi chidindo chabuluu. Ndaiwerenga kanayi, kawiri ndi magalasi, kawiri popanda magalasi, ndipo ikunena zomwezo.

Mawa m'mawa ukukwera ndege. Ntchito ya ku ICU wasiya, viza yako ya kuno aikansela, bedi lako la ku Al Furjan latengedwa kale ndi mtsikana wina wa ku Kenya. Ine ndikulemba kalatayi pa tebulo lositirapo zovala, a Haja, mayi ake a madamu, ali m'tulo tawo ta masana. Ndikupatsa pamanja madzulo ano ndikabwera kudzatsanzikana nawe. Ndikanatha kukuuza pakamwa, koma iwe ndi ine timadziwana: ndikangoyamba, umati "Ndamva, Amayi" ndisanafike n'komwe pakati. Pepala sungalidule mawu.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndilibwereza mpaka utope nalo. Sukulu zimene zakulandira ndi ziwiri, zonse m'dziko lozizira limene ukupitalo. Ina ndi ya mumzinda waukulu, imene pachithunzi ili ndi makoma agalasi. Imeneyo ndiyo wasankha, ndipo Lolemba ukukalembetsa. Inayo ndi ya m'katauni kakang'ono, ya njerwa zofiira ngati sukulu yamishoni, ndipo anakuuza kuti akusungira malo mpaka Lachisanu la sabata yamawa. Unandiuza Lamlungu kuti imelo yowakana walemba kale, ungoitumiza mawa uli pabwalo la ndege, kuti wina amene akudikira apeze mwayi. Ndi mtima wabwino umenewo, sindikutsutsa. Koma usaitumize, Tiya. Malo a ku sukulu yanjerwa usawabweze mpaka utaona ndi maso ako zimene zalembedwa pa tsamba lachiwiri.

Yankho lako ndikulidziwa, unandipatsa kale: "Amayi, mapanga awiri avumbwitsa." Zoona. Koma amavumbwa ndi amene akuthamangathamanga pakati. Amene walowa m'phanga limodzi n'kuyang'ana kaye ngati silikudontha, linalo asanalitseke ndi mwala, ameneyo sanyowa. Ndiponso unanena wekha kuti mapepala a viza amatheka kusinthidwa kuchoka ku sukulu ina kupita ku inzake, kungoti ndi chintchito. Chintchito sichinaphepo munthu wa kwathu.

Ndiyambe ndi kulakwa kwanga kwa posachedwa, chifukwa ndiko kumandiwawa kwambiri. Atakukana kachiwiri ku sukulu ya ntchito imeneyi, tinali pa siteshoni ya Metro tikuchokera kutchalitchi ku Jebel Ali. Maso ako anali otupa. Ine, m'malo mokugwira dzanja, ndinati, "Tiya, ntchito uli nayo, yunifolomu uli nayo, anthu amakupatsa ulemu. Mulungu akakana kawiri, munthu umamva." Unandiyang'ana n'kunena kuti, "Amayi, si Mulungu amene wakana. Yakana ndi komiti." Ndinakwiya ulendo wonse mpaka kutsika, koma unkanena zoona. Sabata yomweyo unawalembera kuwafunsa chimene chinaperewera. Anakuyankha kuti kalata yokuchitira umboni inachokera kwa munthu amene sanakuonepo ukugwira ntchito ku ICU, kuti malikisi ako a kemisitiri ndi akale, ndiponso kuti pa intavyu sunathe kufotokoza zimene wogonetsa odwala amachita kuyambira wodwala asanagone mpaka atadzuka. Unabwereza kemisitiri ukuchokera ku shifiti. Unakagogoda kwa mkulu weniweni wa ku ICU, amene onse amamuopa. Masiku ako a ofu, anzako ali ku Marina kujambula zithunzi, iwe unkaima m'fiyeta kumbuyo kwa dokotala wogonetsa, osagwira kanthu, kungoyang'ana ndi kulemba m'kabuku. Ulendo wachitatu zinakulandira sukulu ziwiri. Choncho kufunsa umakudziwa, sindingakuphunzitse ine. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti chifikire kalata ya sukulu yagalasi sindinakumvenso ukufunsa kanthu. Munthu akakanidwa amafunsa mafunso. Akalandiridwa amangothokoza. Pamene akukusekererawa ndi pamene uyenera kufunsa kwambiri.

Ine ndinabwera kuno ndi pepala, ngati mmene ukupitira iwe. Unali Fomu 2, ndikukusiya kwa azakhali ako. Ejenti wa ku Lilongwe, mu ofesi ya pamwamba pa sitolo ya matayala, anandiwerengetsa kontirakiti: ana awiri, chipinda changachanga chokhala ndi zenera, tsiku limodzi lopuma pa sabata. Ndinafika. Zenera linalipo, sindinganame. Linkayang'ana m'chipinda cha makina ochapira. Ana a madamu analidi awiri, atatu enawo anali a mchemwali wawo, amene ankabwera kudzawasiya m'mawa uliwonse. Tsiku lopuma linaliponso, koma ndinkapumira m'nyumba momwemo, ndi ana onse asanu. Ukuona, palibe bodza limene linalembedwa m'pepala lija. Ine ndinangowerenga zimene linanena, osayang'ana zimene silinanene. Tsopano tenga kalata yako uyang'ane pansi pake. Yasainidwa ndi sukulu. Chipatala chimene akuchitchulacho sichinasaine paliponse. Munthu akakulonjeza bedi m'nyumba ya eni, umafuna kumva mawu a mwini nyumba.

Ejenti yemweyo, ataona kuti ndikukayika, anaimba foni n'kundipatsa. Kunali mtsikana amene ankagwira ntchito kuno. "Bwerani, asisi, kuno n'kumwamba. Ine ndanenepa moti masiketi onse andikana." Ndinasaina tsiku lomwelo. Patapita chaka ndinakumana ndi amayi ena anayi kutchalitchi, ndipo tonse tinali titalankhula ndi mtsikana yemweyo, tonse anatiuza za masiketi. Anali mlamu wake wa ejenti. Iwe sukulu yagalasi inakulumikiza pavidiyo ndi ophunzira awiri oseka bwino, ndipo unandiuza kuti anali omasuka. Sindikuti ananama. Ndikuti anasankhidwa. Ukafika, upeze wachitatu, amene dzina lake sanakupatse. Upite kumene amadyera, uyang'ane wa chaka chachiwiri amene akudya yekha, ukhale naye pafupi. Usamufunse ngati sukuluyo ndi yabwino, chifukwa palibe amene amanyoza kwa mlendo nyumba imene akugonamo. Umufunse kuti mwezi uno wagonetsa odwala angati ndi manja ake. Umufunse amene amaima pambali pake akamatero, ngati ndi mphunzitsi kapena amangomusiyira aliyense amene ali pa shifiti. Umufunse kuti anayamba angati m'kalasi mwawo ndipo atsala angati, komanso ngati amene anamaliza anakhoza mayeso a laisensi ulendo woyamba. Akayamba ndi mawu akuti "zimatengera", dziwa kuti wakuyankha. Ukachoka pamenepo ukwere basi upite kuchipatala komweko, ufunse amene amakonza ndandanda ya ophunzira a m'fiyeta, umupemphe mwaulemu kuti akuonetse ndandanda ya mwezi uno. Payenera kukhala mayina a anthu a sukulu yako. Kufikira utaona mayina amenewo, imelo ija ikhale m'foni momwemo.

Nkhani iyi sindinakuuzepo, chifukwa nthawiyo unali pa mayeso a chaka choyamba cha unamwino. M'chaka changa chachinayi kuno ndinkagwira m'nyumba ina, ya madamu wolongolola koma wosamana chakudya. Bambo wina wa ku Mzimba, mlonda pa nyumba yosanja ku Marina, anandiuza kuti hotela ina ikufuna anthu oyala mabedi. Ndinapita, bwana wa kumeneko anandiona, anandigwira chanza n'kunena kuti, "Inshallah, Mulungu akalola, uyamba pa wani mwezi wamawa." Sanandipatse pepala lililonse, ndipo ine sindinapemphe. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati mwini hotela. Madamu atayamba kulongolola za makapu, ndinavula epuloni, n'kuipinda bwinobwino patebulo, n'kunena mawu amene ndinawasunga zaka ziwiri: "Khalas, madamu, basi zatha." Anakoma mawu amenewo, Tiya, sindikubisa. Anakoma kwa masiku asanu ndi anayi. Pa wani ndinapita ku hotela ndi chikwama changa, n'kupeza bwana uja anasamutsidwa, ndipo amene analowa m'malo mwake anabwera ndi anthu ake. Ndinagona pansi m'chipinda cha amayi asanu ndi mmodzi ku Satwa, m'mawa uliwonse ndikuyang'ana tsiku limene viza ithere, ndipo pafoni ndinkakuuza kuti ntchito ikuyenda bwino, limbikira mayeso. Nditapita kukapepesa kwa madamu uja ndinapeza wina akupukuta makapu omwewo. Anandipatsa madzi ozizira pageti. Chitseko chimene watseka mwamwano ndi chimene watseka mwaulemu, zonse zimakhala zotseka. Imelo yako ndi yaulemu kwambiri, ndaiona. Usaitumize.

Ndili ku Satwa komweko, nyumba ziwiri zinandiitana sabata imodzi. M'nyumba yoyamba madamu anandilandira ndi "habibti", kutanthauza wokondedwa wanga, anandipatsa juwisi, sanandifunse chilichonse kupatula ngati ndingayambe tsiku lomwelo. M'nyumba yachiwiri madamu sanamwetulire n'komwe. Anandipatsa mkanjo woyera wa amuna awo kuti ndisite iwo akuyang'ana, anandifunsa chimene ndingachite munthu wokalamba atagwa m'bafa, anafunanso nambala ya madamu wa makapu uja. Ndinatuluka thukuta lili chuchuchu, mtima uli woipa, n'kusankha nyumba ya juwisi. Mlonda wa pageti ndi amene anadzandiuza kuti ndinali wantchito wachisanu ndi chimodzi chaka chimenecho. Ndinakhalamo miyezi inayi. Mwamwayi madamu wosamwetulira uja anali asanapeze munthu womukhutitsa, ndipo ndi m'nyumba mwake muno mmene ndakhala zaka zisanu ndi zinayi. Ndikukuuza izi chifukwa ndikukumbukira ma intavyu ako awiri. Ya sukulu yanjerwa utatuluka unati mayi wachikulire wa imvi anakupanikiza pafupifupi ola lonse, akufunsa chimene unachita tsiku limene magazi a wodwala wako anatsika mwadzidzidzi, ndipo ukayankha amati, "Kenako?" Ya sukulu yagalasi inatha tiyi wako asanazizire, ndipo anakuyamikira kuti Chingerezi chako n'chabwino. Unakonda yachiwiriyo. Inenso ndikanaikonda. Koma munthu amene akufuna kudzakupatsa moyo wa wodwala m'manja ayenera kuyamba wakuvutitsa ndi mafunso. Amene sakufunsa kanthu, mwina palibe chimene akufuna kudzakupatsa.

Tsopano za ntchito yeniyeniyo. Ine pa moyo wanga ndinagonetsapo munthu mmodzi, ndipo sindinachite dala. Nditangoyamba m'nyumba muno, madamu anandionetsa kabokosi ka zipinda zambiri kamene a Haja amasungiramo mankhwala. Ankalankhula mofulumira, kiyi wa galimoto ali kale m'manja. "Wamva? Yalla, ndachedwa." Ndinati, "Yesi, madamu," chifukwa linali tsiku langa lachitatu ndipo sindinkafuna kuoneka wopusa. Sindinamve. A Haja ndinawapatsa m'mawa mapiritsi a madzulo, aja ogonetsa, pamodzi ndi a m'mawa omwe. Pofika teni koloko a Haja anali atagona pampando, kukamwa kuli yasa, ndikawagwedeza amangong'ung'udza. Ndinakhala pansi pafupi ndi mpandowo, maso ali pachifuwa chawo, chikatsika ndikudikira ngati chikweranso. Ndipo apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri, kuposa poyamba. Ndinakhala ola lathunthu osaimba foni, ndikuopa kukalipiridwa, ndikupemphera kuti adzuke okha nkhani ithere pomwepo. Nditaimba, dokotala anabwera, anawayeza, n'kunena kuti adzuka madzulo, koma kuti mtima wawo ukanakhala wofooka nkhani ikanakhala ina. Anadzukadi, n'kupempha tiyi, n'kunena kuti sanagonepo bwino chonchi chimwalirire amuna awo. Madamu sanaseke. Iwe ukukagwira mankhwala amene salola ola lathunthu la mantha. Kumeneko ukakhala mlendo, wakhungu lakuda, wolankhula Chingerezi cha ku Lilongwe, ndipo mtima uzidzakuuza kuti ukafunsa kawiri aziti sunayenere kulandiridwa. Funsa kawiri. Nena kuti "sindinamve" mokweza, pamaso pa onse. Ukalakwitsa, itana munthu mphindi yomweyo, manyazi udzachita pambuyo. N'chifukwa chake ndikulimbikira za malo a m'chipatala: ntchito imeneyi siphunziridwa pa chidole cha pulasitiki chokha. Sukulu yanjerwa ili ndi chipatala chakechake kuseri kwa makalasi. Unandionetsa wekha pa mapu, n'kuseka kuti n'chaching'ono ngati cha kwathu ku Ntcheu. Chaching'ono, inde. Koma ndi chawo, sapempha kwa munthu.

Tsiku limene unabadwa ndinanamiza munthu wa ntchito imene ukukaphunzirayi. Dzulo lake kuchipatala anandiuza kuti mawa ndibereka mwa opaleshoni, ndisadye kanthu. M'mawa njala inandigwira, ndipo mayi wa bedi loyandikana nane anali ndi nthochi. Ndinadya ziwiri. Atandikankhira ku fiyeta, bambo wina wovala chipewa chobiriwira anawerama kumutu kwanga n'kufunsa, "Mayi, mwadya chilichonse?" Ndinati ayi, poopa kuti andibweza. Bamboyo sanachoke. Anakonzakonza timachubu take, kenako anati, "Chabwino. Nanga nthochi za ku wodi lero zinali zakupsa?" Ndinati zinali zakupsa bwino. Anaseka, n'kuuza dokotala kuti mayi awa abwerere kaye. Unabadwa faifi koloko madzulo m'malo mwa naini m'mawa, ndipo maola asanu ndi atatu amenewo ndi a nthochi. Namwino anadzandiuza kuti ndikanagonetsedwa nazo m'mimba, zikanatha kubwerera n'kulowa m'mapapo, iwe n'kukula wopanda mayi. Bamboyo sanandione ndikudya. Ankangowadziwa amayi a pa wodi ija, chifukwa anali ataima kumutu kwa ambiri. Dzina lake sindikulidziwa mpaka lero. Odwala ako adzakunamiza, Tiya, osati chifukwa n'ngoipa koma chifukwa cha mantha ndi njala, ngati mayi ako. Funso la nthochi mulibe m'buku lililonse. Umalipeza utaima pamenepo tsiku ndi tsiku, ndipo sukulu imene ingakuimike pamenepo msanga ndiyo sukulu yako, kaya ndi yagalasi kaya ndi yanjerwa.

Pali chinthu china chimene ndikuganiza kuti chikukukankha, ndipo ndinachiyambitsa ndine. Kalata ya sukulu yagalasi itafika, ndinatenga chithunzi cha nyumba yawo ija n'kuchiika pa gulu la pafoni la amayi a kutchalitchi. Ndinaonetsa madamu, dalaivala, ngakhale bambo wa ku Pakistan wothirira maluwa. Madamu anati "Mashallah" n'kuchitumiza kwa mchemwali wawo. Mayi Gondwe, amene mwana wawo analephera unamwino kawiri, anangoti "Ambuye alemekezeke" ndi mano okha, ndipo ine ndinasangalala nazo, Mulungu andikhululukire. Chithunzi cha sukulu yanjerwa sindinaonetse munthu. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikupukuta magalasi a eni, ndipo ndinafuna kuti mwana wanga akhale mkati, wina azipukuta kunja. Iwe unaona nkhope yanga tsiku limenelo, ndipo ndimakudziwa: kuyambira uli wamng'ono umasankha chimene chingandisangalatse n'kumati ndi chimene umafuna. Ngati pa chisankho chakochi pali gawo langa, lichotse. Ukandiimbira Lachinayi likubwerali kuti, "Amayi, ndikupita ku yanjerwa," amayi a kutchalitchi ndidzawayankha ndekha. Mayi Gondwe adzaseka sabata imodzi, kenako adzapeza wina. Ine ndinasekedwapo ndi anthu oposa Mayi Gondwe. Ukapeza kuti zonse za pa tsamba lachiwiri zilipo, khala ku yagalasi komweko, utumize imelo yako Lachisanu m'mawa, undiseke kuti mayi ako ndi amantha. Ndidzavomera mosangalala.

Zina zonse ukuzidziwa. Jekete limene madamu akupatsa ndi lalikulu, koma uzilivala. Kuzizira kwa kumeneko si kwa eyakoni, sungakuzimitse. Mapepala ako enieni, satifiketi ya unamwino ndi laisensi, akhale m'chikwama cha m'manja, ndipo wofuna kuwaona awaone iwe uli pomwepo. Pasipoti usapatse munthu kuti akusungire, amwetulire bwanji. Ine ndinaipereka kamodzi, ndinadzaionanso patatha zaka ziwiri. Uzidya. Uzigona pamene mpata wapezeka, wogonetsa ena asamasinze. Lamlungu uziimba, ngakhale mphindi ziwiri, ndipo usamandiuze kuti zonse zili bwino pamene sizili bwino. Bodza limenelo linayamba ndi ine, ndimalizindikira ndi mawu ake.

Chomaliza ndi choulula, ndipo ukwiye ngati ukufuna. Nyumba iliyonse imene ndagwiramo ndinadzaidziwa kudzera pa khomo lakumbuyo, kwa mlonda, kwa dalaivala, kwa wantchito wa nyumba yoyandikana, osati kwa eni ake. Ndiye dzulo ndinagogoda pa khomo lakumbuyo la chipatala chako. Ukuwakumbukira Mayi Tembo a ku Chipata, amene ankagwira ntchito kuseri kwa mpanda wathu, aja ankakutcha "ba dokota" utangofika kuno? Mabwana awo atasamukira kudziko lomwe ukupitalo anapita nawo, ndipo masiku ano amakolopa m'chipatala chomwecho chimene chatchulidwa m'kalata yako, kumbali ya mafiyeta. Ndinazindikira nditaona dzina la chipatalacho pa baji yawo, pachithunzi chimene anaika pafoni. Ndinawatumizira uthenga wamawu, kuwapempha kuti andifunsire za ophunzira a sukulu yagalasi. Anati, "Osada nkhawa, ba Nabanda, nizafunsa ba sisita ba ku fiyeta, ni banzanga." Yankho la asisitalawo sananditumizirebe, kumeneko kukucha kumene. Chiyambire m'mawa ndatenga foni kangapo, ndipo malaya amodzi a bwana ndawasita kawiri. Ndikudziwa unena kuti wokolopa sadziwa za masukulu. Za masukulu sadziwadi. Koma amadziwa amene amaponda pamene iye wakolopa.

A Haja ayamba kutsokomola, ndiye kuti adzuka ndipo afuna tiyi. Uyende bwino, mwana wanga. Ambuye amene anakutsegulira zitseko ziwiri akupatsenso maso. Udzabwerere kwa ine ndi manja odziwa ntchito, pepala likhale umboni chabe. Kalatayi uiwerenge usanagwire foni mawa. Imelo ija usaitumize.

Ndine mayi ako,
Nabanda

Ndatsegulanso envelopu. Mayi Tembo ayankha faifi koloko ino, atafunsa asisitala awiri. Chipatalacho chinasiya kulandira ophunzira a sukulu yagalasi. Amene analowa sukuluyo chaka chatha sanapondebe m'fiyeta.